Nyimbo Imene Azakhali Anaisiya

1. Kaseti ya a Lipenga

Mayeso atatha, Kamphepo anasowa chochita. Ankadzuka m'mawa, kusesa, kutsuka mbale, kenako n'kumangozungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Dzina limeneli anamupatsa ndi amayi ake ali wamng'ono, chifukwa sankatha kukhala pampando mpaka kumaliza kapu ya tiyi. Tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, koma khalidwe linali lomwelo.

M'nyumbamo ankakhalamo anthu atatu: iyeyo, amayi ake amene ankagwira ntchito yolandira odwala pachipatala china chaching'ono, ndi azakhali ake, mlongo wa malemu bambo ake. Azakhaliwo anali atelala, munthu wosalankhulalankhula. Nyimbo ikayamba pawailesi, ankaitsitsa kapena kutuluka panja. Kamphepo anakula akuganiza kuti azakhali ake sakonda phokoso basi.

Iye ndiye ankakonda kuimba. Ankaimba posamba, pochapa, ngakhale powerenga. Choncho wailesi ina ya achinyamata italengeza mpikisano, sanafune kuti umudutse. A wailesiwo ankafuna munthu atenge nyimbo yakale, aiimbenso kunyumba, ajambule vidiyo, n'kuitumiza pa intaneti isanakwane 12 koloko masana Lachisanu. Wopambana adzajambula nyimbo zitatu mu situdiyo yeniyeni.

Vuto linali limodzi. Nyimbo zakale zimene Kamphepo ankazidziwa, aliyense ankazidziwanso.

Lolemba anapita kukakonzetsa tchaja ya foni kwa bambo wina wachikulire wokonza mawailesi, amene anthu ankangomutcha a Lipenga. Kashopu kawo kanali kopanikiza, mawailesi akufa ataunjikana mpaka kudenga. Anawapeza akuyesa wailesi ya kaseti imene anali atangoikonza kumene.

Kasetiyo inayamba ndi kulira kwa lipenga, kotsika ndi kodekha. Kenako panamveka mawu a mzimayi, okhuthala, oyenda pang'onopang'ono ngati munthu wosenza katundu:

"Ndibwera Lachiwiri, usalire,
nsapato zako ndagula zofiira.
Ndibwera Lachiwiri, khala pakhomo,
basi ikaima, ndine."

Kamphepo anaiwala za tchaja. Anafunsa kuti woimbayo anali ndani. A Lipenga anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kumufunsa ngati sakuwazindikiradi mawu a munthu amene amadya naye tsiku ndi tsiku.

Anamufotokozera kuti kale kunali bandi ya jazi imene inkaimba m'mahotela. Iwo ankaliza lipenga, azakhali ake ndiwo ankaimba. Nyimbo zodandaula zoyenda pang'onopang'ono ngati imeneyi ankazitcha bulusi, ndipo amene anapeka iyi ndi azakhali akewo.

Kamphepo anawachonderera kuti amuikire nyimboyo mu foni. Anali ataimirira kale, chikwama chili paphewa.

"Khala pansi kaye, mwana iwe," anatero a Lipenga. "Ndikuona miyendo yako ikufuna kuthamanga mutu usanamve. Nyimbo si mwala woti wautola pamsewu n'kuuponya m'thumba. Iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ndi amene amadziwa chimene chinamupweteka kuti aipeke. Ife tinaimba limodzi zaka zisanu ndi zinayi. Nyimbo zina zonse azakhali ako ankamaliza akuseka. Iyi yokha akaimaliza ankatuluka panja, osalankhula ndi munthu. Ndikuikira chifukwa ndiwe magazi awo, komanso kasetiyi yatopa, tsiku lina idzaduka. Koma kumvera ndi kwina, kuitulutsa kwa anthu ndi kwinanso. Usanaiike paliponse, pita ukawafunse. Akakana, wakanidwa basi. Safunsa anadya phula."

Kamphepo anavomera mwamsanga, ndipo a Lipenga anapukusa mutu poona kufulumira kwa yankholo.

2. Situdiyo ya m'chipinda

Sanapite kwa azakhali ake. Anathamangira kwa mnzake wa m'kalasi, mtsikana amene anzake ankamutcha Mawaya chifukwa chikwama chake chinkakhala chodzaza ndi zingwe za magetsi m'malo mwa mabuku. Mawaya anali ndi laputopu yakale yong'aluka pakona, kiyibodi yaing'ono yoimbira ndi maikolofoni imodzi.

Mawaya anamvetsera nyimboyo kawiri n'kunena kuti apa ndiye atola. Koma anati ikuchedwa kwambiri, achinyamata agona asanafike pakati. Panafunika kuifulumizitsa ndi kuikamo ng'oma zoti munthu avine. Kamphepo atatchula za kukapempha chilolezo, Mawaya anati akapemphe zinthu zitatheka, chifukwa akuluakulu amakana chimene sanachione.

Lachiwiri m'mawa, amayi ndi azakhali atangonyamuka kupita kuntchito, anasandutsa chipinda cha Kamphepo kukhala situdiyo. Anaimika matiresi pazenera. Anakhoma mabulangete awiri kukhoma. Maikolofoni anaimangirira kumpando ndi lamba wa diresi, kutsogolo kwake n'kuikako sokosi yokokedwa pa hang'ala ya waya kuti mpweya usamaphulike.

M'chipindamo munatentha ngati mu uvuni. Tsidya la msewu kunali anyamata owotcherera zitsulo, ndipo Kamphepo akangotsegula pakamwa, makina awo ankayamba kulira. Akasiya iwo, mwana wa aneba ankayamba. Akatonthola mwanayo, minibasi inkaliza hutala. Kenako magetsi anazima kwa maola awiri, atsikanawo n'kumangoyang'ana batire ya laputopu ikutsika.

Anazindikira kuti owotcherera amapuma kuyambira 12 koloko mpaka 1 koloko. Ola limenelo ndi limene linakhala lawo.

Kamphepo anaimba nyimboyo maulendo makumi awiri ndi atatu m'masiku awiri. Ankalowa msanga, ng'oma zisanafike. Mawaya ankamuuza kuti ngakhale ataifulumizitsa bwanji, iye adzaipitirirabe. Ankakangana, kuseka, kumwa madzi, n'kuyambiranso. Ikamakwana 4 koloko ankagwetsa matiresi, kuchotsa mabulangete, n'kusesa ngati palibe chachitika.

Pa chakudya chamadzulo Kamphepo sankatha kuyang'ana azakhali ake kumaso. Ankagwedeza mwendo pansi pa tebulo mpaka masipuni kulira. Azakhali anamufunsa ngati akudwala. Iye anati ayi, n'kunyamuka kukatsuka mbale anthu asanamalize kudya.

3. Diresi yobiriwira

Lachinayi linali tsiku la vidiyo. Mawaya anabwereka nsapato zofiira zazitali kwa mkulu wake, popeza nyimboyo inkatchula nsapato zofiira. Atsikana onsewo ankaimva ngati nyimbo ya chikondi: mkazi akulonjeza wokondedwa wake kuti akubwera ndi mphatso.

Chinkasowa chinali chovala chooneka chakale. Kamphepo anakumbukira sutikesi imene inkakhala pamwamba pa kabati ya zovala m'chipinda cha azakhali ake. Anakwera pampando n'kuitsitsa. Pansi pa nsalu zakale anapezamo diresi yobiriwira yonyezimira, yokulungidwa m'pepala. Inamukwana ngati anasokera iye.

Anakajambulira pamasitepe a kuseri kwa sitolo ina ya zitsulo, pomwe khoma linali ndi utoto wosupuka. Mawaya anagwira foni akuyenda chobwerera. Kamphepo anatsika masitepe akumwetulira, kuzungulira, kukweza phazi kuti nsapato zioneke. Alonda a pasitolopo anaombera m'manja, ndipo mayi wina wodutsa anaima n'kunena kuti mwanayu afika patali.

Anabwerera kunyumba 3 koloko kuti akabweze diresi anthu asanaweruke. Koma tsikulo amayi ake anali ataweruka msanga. Anamupeza ali pampando, sutikesi ili m'manja.

Amayi sanakalipe. Anamuuza kuti atsike, n'kumufunsa chimene ankachita ndi katundu wa alamu awo. Kamphepo anafotokoza zonse, mothamanga, akulumpha zina. Anawaonetsa vidiyo. Amayi anaonera pang'ono chabe n'kumubwezera foni.

"Nkhani ya alamu anga sindikuuza, chifukwa si yanga," anatero. "Koma ndikuuza yako. Bambo ako atamwalira, achibale anabwera ambiri, analira, anapita. Amene anatsala ndi mmodzi. Yunifolomu iliyonse imene wavala kuyambira tsiku lako loyamba kusukulu inasokedwa ndi manja amenewo. Lero walowa m'chipinda chawo iwo kulibe, watsegula chimene anatseka. Ana a masiku ano mumaganiza kuti chinthu chikalowa mu foni mwanu ndiye kuti chasanduka chanu. Pa intaneti palibe kubweza, mwana wanga. Anthu adzavina, adzalemba zimene akufuna, mawa aiwala n'kupita kwina. Koma iwe madzulo udzakhala patebulo lomweli moyang'anizana ndi azakhali ako. Foni sindikulanda, wakula. Sindikawauzanso, ndi udindo wako. Ukatumiza, utumize ukudziwa kuti wasankha wekha."

Amayi anapinda diresiyo okha, mosamala, n'kuibwezera m'pepala lake.

4. Bokosi lopanda dzina

Lachisanu 10 koloko m'mawa Kamphepo anali kwa Mawaya. Vidiyo inali itatha, ndipo inali yokongola. Ngakhale mkulu wake wa Mawaya, amene sayamikira kanthu, anaionera kawiri.

Anatsegula tsamba la mpikisano n'kuyamba kulemba. Dzina la woimba analemba. Mutu wa nyimbo analemba. Kenako panali kabokosi kofunsa dzina la amene anapeka nyimboyo.

Mawaya anati angolemba kuti wopeka sakudziwika. Nyimbo zakale zambiri zili choncho, ndipo palibe amene angafufuze. Akapambana, azakhali adzakondwa okha.

Kamphepo anaika zala pa laputopu n'kuzichotsanso. Anaimirira, anapita pazenera, anabwerera. Anakhala pansi, anaimiriranso.

"Wopeka ndikumudziwa," anatero. "M'mawa uno wandisokera batani la bulauzi iyi."

Mawaya anamukumbutsa masiku anayi amene anavutika, thukuta la m'chipinda muja, ndi nsapato zimene anabwereka movutikira. Anati situdiyo imeneyo iyenso akuifuna, si ya Kamphepo yekha. Kamphepo anapempha ola limodzi lokha, ndipo anamulonjezetsa kuti sadina kalikonse mpaka atamuimbira. Mawaya analonjeza atatembenukira kukhoma.

Kamphepo anathamanga njira yonse. Shopu ya azakhali inali kachipinda kamodzi kumapeto kwa msika, muli makina awiri osokera, tebulo lodulira nsalu, ndi wotchi yapakhoma. Wotchiyo inkati 11 koloko yadutsa ndi mphindi khumi.

Munali kasitomala, mayi wonenepa amene ankafuna diresi yake ichepetsedwe m'chiuno koma isamuthine. Azakhali anapatsa Kamphepo tepi yoyezera kuti agwire. Mayiyo anasintha maganizo katatu. Anafunsa za mabatani, anafotokoza za mpongozi wake, anaiwala ambulera n'kubwereranso. Kamphepo ankangoponda uku ndi uku, maso ali pawotchi.

Atatsala awiri, nthawi inali itatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu.

Kamphepo anagwada pafupi ndi makina. Ananena za a Lipenga, za kaseti, za chipinda, za sutikesi. Kenako anapereka foni ndi manja awiri.

5. Nsapato zofiira

Azakhali anaonera vidiyo yonse. Phazi lawo linali litachoka pa chopondera makina. Itatha, anaika foni patebulo chozondotsa, n'kufunsa Kamphepo kuti akuganiza kuti nsapato za m'nyimbomo zinali za ndani.

Kamphepo anayankha motsitsa kuti ankayesa za chibwenzi.

Azakhali anatambasula chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kusiya mpata wochepa pakati.

"Zinali zotalika chonchi," anatero. "Ndinali ndi mwana wamkazi wa zaka zitatu. Iwe unali usanabadwe. Bandi yathu inapeza ntchito ya masabata awiri kuhotela ina yakutali, ndipo mwanayo ndinamusiya ndi bambo ako. Pochoka anandigwira mwendo, ine n'kumuuza kuti ndibwera Lachiwiri. Sankadziwa kuwerenga masiku, koma mawu amenewo anawasunga, ankawanena kwa aliyense. Masabata awiri atatha, mwini hotela anawonjezera sabata ina. Mtsogoleri wa bandi, amene analinso mwamuna wanga, anavomera osandifunsa. Ine ndinadandaula pang'ono, kenako ndinakhala, chifukwa anthu ankandiombera m'manja ndipo zinkandikoma. Mwana anayamba kutentha thupi Lachitatu. Nthawi imeneyo kunalibe mafoni a m'manja. Uthenga unandipeza Lolemba. Ndinabweradi Lachiwiri, koma la sabata inayo, nsapato zili m'chikwama, n'kupeza mwanayo atamuika kale m'manda."

Foni inayamba kunjenjemera patebulo. Anali Mawaya. Kamphepo sanaigwire.

"Nyimboyo ndinaipeka kuti ndipume," anapitiriza azakhali. "Sindinaipekere anthu. Koma inakondedwa, ndipo kulikonse ankaipempha. Ndinkaima kutsogolo ndikuitana mwana wanga, anthu ali pansipo akuvina atakumbatirana, ena akuitanitsa mowa. Ndinapirira zaka ziwiri, kenako ndinavula diresi ija n'kukagula makina awa. Ndiye tamvera, mwana wa mchimwene wanga. Mawu uli nawo, oposa anga. Koma mawu okha ndi ngati lumo lakuthwa m'manja mwa munthu wosayeza, amadula nsalu ya eni ake. Usanaimbe chinthu, uzifunsa kuti chinachokera kuti. Ndipo anthu akamakuombera m'manja, uzikumbukira amene akukudikira pakhomo. M'manja amaomba lero, mawa aombera wina."

Kamphepo analira mwakachetechete. Anapepesa za diresi, za nsapato, za kumwetulira kuja. Azakhali anati za sutikesi akambirana kunyumba, ndipo sizitha ndi pepani yekha. Koma anatinso munthu wakuba sabwera kudzagwada ndi katundu m'manja.

Wotchi inagunda 12 koloko. Patapita kanthawi, uthenga unalowa mu foni. Mawaya analemba kuti sanatumize, monga analonjezera, nthawi yatha, ndipo Kamphepo asamuimbire. Kamphepo anawerenga kawiri, n'kufufuta vidiyo ija mu foni mwake azakhali akuona.

6. Dzina la papepala

Azakhali anasalaza nsalu imene inali pamakina. Kenako anamuuza kuti aimirire aimbe mzere woyamba wokha.

Kamphepo anayamba. Azakhali anamuimitsa pa liwu lachiwiri n'kunena kuti akuthamangira kuti, basi sinafike. Anatenga sizasi n'kumagogoda nayo patebulo, pang'onopang'ono, kuti atsatire. Anayambiranso kanayi. Ulendo wachisanu anafika kumapeto kwa mzere, ndipo azakhali sanamuimitse.

Anamuuza kuti ngati nyimboyo iti itulukenso, ituluke moyenera: ndi liwiro lake, ndi lipenga lenileni, ndi nkhani yake yonenedwa poyera. Mnzake wa mawaya uja akamupepese, ndipo akadzakhululuka abwere naye, chifukwa wamva kuti khutu ali nalo. Kamphepo anafuna kuthamanga nthawi yomweyo, koma azakhali anamugwira dzanja.

Panali chinthu china chimene ngakhale a Lipenga sankachidziwa. Nyimboyo anaipeka ndi azakhali, koma papepala sinali yawo. Mwamuna wawo uja anakailembetsa m'dzina lake ku ofesi yoona za oimba, iwo akadali pachisoni. Anadziwa izi banja litatha kale, ndipo sanafune kulimbana naye. Bamboyo anali moyo, anali ndi situdiyo yakeyake mbali ina ya tauni, ndipo sankalola kuti munthu akhudze chimene amachitcha chake.

"Ukanaitumiza lero, woyamba kugogoda pakhomo pathu akanakhala iyeyo," anatero azakhali. "Ndamusiyira nyimbo ya mwana wanga zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Zakwana."

Anavundikira makina ndi nsalu. Anachotsa mapini amene anali atabaya pabulauzi yawo, n'kutenga chikwama. Anauza mayi wa shopu yoyandikana nayo kuti makasitomala akabwera awauze kuti abwere mawa. Mayiyo anadabwa, chifukwa shopu imeneyo inali isanatsekedwepo masana.

Potseka loko, azakhali anagwetsa kiyi pansi kawiri. Kamphepo anatola n'kutseka yekha.

Anakaima pamalo okwerera minibasi zolowera kusitudiyo ya bambo uja. Ulendo uno amene ankaponda uku ndi uku anali azakhali. Kamphepo anafunsa ngati sakanadikira kaye amayi, kapena kuitana a Lipenga. Azakhali anati akadikira mpaka mawa sadzapitanso.

Minibasi inaima, kondakitala n'kutsegula chitseko.

"Tikafika akakufunsa kuti ndiwe ndani, usayankhe," anatero azakhali akukwera. "Ndiyankha ndine."